Woolsthorpe si nyumba yachifumu

A Mkonzi,

Nkhani yanu ya sabata yatha yokhudza wasayansi Isaac Newton ndaikonda, koma pali pamodzi pofunika kukonza. Mlembi wanu anati Newton anabadwira m'nyumba yachifumu. Ndikukhulupirira kuti dzina la nyumbayo loti Woolsthorpe Manor ndi lomwe linamusokeretsa, poti m'Chingerezi "manor" imamveka ngati nyumba ya anthu apamwamba. Ine ndimakhala ku Nottingham, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa galimoto, ndipo ndapitako kawiri. Ndi nyumba ya mlimi wa nkhosa basi.

Ili m'kamudzi ka Woolsthorpe-by-Colsterworth, kufupi ndi tauni ya Grantham m'chigawo cha Lincolnshire ku England. Inamangidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 ndi miyala ya laimu yopezeka komweko. Makoma ndi ochindikala, mawindo ang'onoang'ono ogawidwa ndi timizati tamwala, ndipo ngakhale denga ndi la miyala yopyapyala. Kukhitchini kuli moto waukulu wapakhoma, pomwe ankaphikira ndi kuothera pamodzi. Panja pali makola ndi nkhokwe. Amene anakulira pamudzi wa ziweto akafika pabwalopo sasowa womufotokozera.

Chifukwa chake ndalimbikira mfundoyi n'chakuti mukaitcha yachifumu mwabisa mbiri yeniyeni ya Newton ali mwana. Bambo ake sankatha ngakhale kusaina dzina lawo, ndipo anamwalira miyezi itatu iye asanabadwe pa Khirisimasi ya 1642. Mayi ake, Hannah, anakwatiwanso kwina mwanayo ali ndi zaka zitatu, n'kumusiya ndi agogo ake m'nyumba yomweyi. Atabwerera, anamutulutsa sukulu ku Grantham kuti aziyang'anira famu. Zinakanika zedi: nkhosa zinkasochera iye ali m'mabuku, mpaka analipitsidwa chindapusa ziweto zitaononga za eni ake. Kulephera ulimiko ndi kumene kunamubwezera kusukulu, kenako kuyunivesite ya Cambridge mu 1661. Ndipo mliri utatseketsa yunivesite mu 1665, kothawira kunali kufamu komweko, komwe anakayesera kuwala kwa dzuwa ndi galasi la mbali zitatu m'chipinda cham'mwamba.

Nyumbayi ili m'manja mwa National Trust, bungwe losamalira malo akale, kuyambira 1943, ndipo boma linaiika m'gulu la Grade I, lapamwamba kwambiri pa nyumba zotetezedwa ku England. Izi zikutanthauza kuti sungasinthe windo kapena kugwetsa khoma lam'kati popanda chilolezo. Ena amadandaula kuti malamulowa ndi okhwima, koma ndi omwe amateteza zojambula zokandidwa pamakoma, kuphatikizapo chithunzi cha chigayo choyendera mphepo chomwe ambiri amati anakanda Newton ali mnyamata. Mmisiri mmodzi wachangu ndi pulasitala wake akanazifafaniza tsiku limodzi.

Alendo ambiri akafika amathamangira kumtengo wa apulo, womwe amati chipatso chake chitagwa chinamuganizitsa Newton za mphamvu yokokera zinthu pansi, kujambulitsa, n'kubwerera. Mtengowo ulipodi, wotchingidwa ndi kampanda. Unagwa ndi mphepo zaka pafupifupi 200 zapitazo koma unaphukanso. Kwa ine, chofunika kuona ndi khitchini ndi makola aja, chifukwa ubweya wa nkhosa ndi umene unadyetsa banja lonselo.

Mukamakonza, muchotsenso zoti apulo linamugwera pamutu. Iye mwini ankangonena kuti analiona likugwa. Mtundu wake ndi Flower of Kent, apulo lofunika kuphika, lowawasa ukalidya laliwisi.

Wowerenga wanu,
ku Nottingham