Kwa anyamata a ku Dedza ofuna mfuti yolasa bwino koma thumba lili lopyapyala

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzi yanuyi ndiyankhule ndi anyamata akuno kwathu ku Dedza omwe agwidwa ndi chilakolako cha mfuti zolasa patali. Amaonera mavidiyo pa YouTube a anthu aku America akulumikiza mfuti yawo chidutswa chidutswa, mpope kugula kwina, thabwa kwina, tiriga (kachitsulo kokoka ndi chala powomba) kwina, ndiye naye munthu wa ku Bembeke akuti ndikakolola mbatata ndipanga zomwezo. Ine ndili ndi mfuti ya laisensi ndipo masewera olasa chandamale ndimawakonda kwambiri, nchifukwa chake zimandiwawa kuona mwana akukonza bajeti yoti ndalama yonse ithere pa mfuti yeniyeniyo osasiyako ya zinthu zomwe zimachititsa kuti chipolopolo chikafike pomwe walozapo.

Choyamba ndi pepala. Kuno si ku Texas. Lamulo la Firearms Act limafuna kuti munthu akhale ndi chilolezo cha kupolisi asanasunge mfuti kapena zipolopolo, ndipo laisensiyo imafuna kuikonzanso nthawi yake ikatha, ndiye ndalama imeneyo ilembeni pamwamba penipeni pa bajeti pamodzi ndi sefa yachitsulo yokhoma yosungiramo. Ndikudziwa kuti pali ena amanong'onezana kuti kumalire kuno zinthu zimapezeka motchipa, poti nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992 koma zida zina zinatsalira m'manja mwa anthu. Anyamata inu, chimenecho musachiyandikire nkomwe, ngakhalenso gogodela wosulidwa kuseri kwa nyumba. Kupatula kuti ndi ndende, mpope wosadziwika mbiri yake ukhoza kukuphulikira kumaso.

Tsopano za mfutiyo. Ambiri akufuna .308 Winchester poti ndi imene amaitchula kwambiri m'mavidiyo, koma tafunsani mtengo wa chipolopolo chimodzi ndiye muchulukitse ndi mazana omwe mufunika kuwomba kuti dzanja lizolowere. Zonsezi ndi zochokera kunja, ndipo kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chofuna madola chinakwera mutu. Munthu wa ndalama zochepa ayambe ndi .22 LR, mfuti ya tizipolopolo tating'ono, ya bolt action (yokoka chitsulo ndi dzanja polowetsa chipolopolo chilichonse), basi. Siikankha phewa, phokoso ndi lochepa, zipolopolo zake ndiye zotsika mtengo kuposa zina zonse, ndipo imaphunzitsa bwino kwambiri chifukwa kachipolopolo kake nkopepuka, kamphepo pang'ono kakakankha ndipo uona wekha papepala pomwe walakwitsa. Ma BRNO Model 2 akale aja opangidwa ku Czechoslovakia, ndi ana ake a CZ 452 ndi CZ 457, ndi mfuti zomwe zimalasa molondola ngakhale zitakalamba. Yogwiritsidwapo kale ntchito ili bwino, bola kusinthana umwini kudutse kupolisi. Pogula suzumirani mu mpope muone ngati mulibe dzimbiri, ndipo yang'anitsitsani kukamwa kwa mpopewo kumene chipolopolo chimatulukira, pakakhala kachilonda pamenepo mfuti imabalalitsa ngakhale mutaiyika sikopu (galasi lolozera lokuza zinthu zakutali) ya mamiliyoni.

Pa sikopu ndi pomwe ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa ndi pomwe anthu amadzibera okha. Munthu agula mfuti yabwino, ndalama yatsala pang'ono, ndiye atola sikopu ija yolembedwa manambala akuluakulu pabokosi, yokuza kambirimbiri, yowala zofiira ndi zobiriwira mkati. Sikopu yotere lero ilasa apa mawa apo, ukatembenuza kokonzera kaja mzere sumayenda monga alembera, ndipo kuno kumapiri kwathu komwe June ndi July kumadzuka nkhungu ndi chisanu, imachita nthunzi mkati osaonanso kanthu. Sikopu wamba ya 3-9x40 (yokuza katatu mpaka kasanu ndi kanayi) kapena ya 4x (yokuza kanayi) yosasintha koma ya kampani yodalirika ndi yokwana pa .22. Ine ndinganene kuti ndalama ya sikopu ndi maringi ake oimangirira pa mfuti iyandikire ndalama ya mfutiyo, ndipo maringiwo musawapeputse, ndi tizitsulo tating'ono koma tikamasuka palibe chomwe chikuyendereni. Amene mukuganiza za mfuti ya mpweya ya sipuling'i dziwaninso kuti imagwedeza kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye imapha sikopu zomwe sizinapangidwire ntchito imeneyo.

Mawu aja a MOA omwe mumamva asakuopseni, ndi muyeso chabe wosunthira pomwe sikopu ikuloza. MOA imodzi ndi pafupifupi masentimita 2.9 pa mtunda wa mamita 100, ndiye pa mamita 50 ndi theka lake. Sikopu zambiri kudina kamodzi potembenuza kokonzera kaja ndi kota ya MOA, kutanthauza mamilimita 7 pa mamita 100. Mukadziwa zimenezi simutayanso zipolopolo pongoyerekeza, muyeza ndi rula pomwe zagwera nkuwerengera kuti mudine kangati. Ikani ziro pa mamita 50, kutanthauza kukonza sikopu kuti chipolopolo chizigwera pomwe mwaloza pa mtunda umenewo, mfuti itatsamira pa kathumba ka mchenga, wombani zisanu zisanu osati chimodzi nkuyamba kusangalala. Kuchoka pa 50 kufika pa 100 chipolopolo cha .22 chimatsika kuposa masentimita 15, ndiye muzilemba m'kakope kuti pa mtunda uwu chimagwa chonchi.

Zipolopolonso zimasiyana. Zothamanga kwambiri zija zimatuluka mwa liwiro loposa la phokoso, lomwe ndi pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndiye zikamachepa mphamvu panjira nkutsika pansi pa liwiro limenelo zimatha kugwedezeka. Za liwiro wamba, zolembedwa kuti standard velocity, zimatuluka kale pansi pake ndipo kawirikawiri ndi zomwe zimagwera pamodzi. Mfuti iliyonse ili ndi mtundu womwe imagwirizana nawo, yesani mitundu ingapo ndipo mukaupeza musamasinthesinthe.

Pali zina zosafuna ndalama nkomwe. Tengani ndalama ya pepala muilowetse pakati pa mpope ndi thabwa, ngati ikutsetsereka mpaka kumbuyo ndiye kuti mpope suukhudza thabwa, zili bwino. Ikamakanirira ndiye kuti thabwa likukankha mpope, ndipo nyengo ya mvula thabwa likafufuma ndi chinyezi malo olasa amasuntha, mfuti yomwe imalasa bwino mu October ikukhumudwitsani mu January. Masikulu ogwira mfuti ku thabwa akhale omangika mofanana nthawi zonse. Potsuka lowetsani ndodo kuchokera kumbuyo kuti musapweteke kukamwa kuja, ndipo pukutani ndi kamafuta mukachoka kunja. Koma tiriga musaichite ukatswiri wa pakhonde ndi tupa ayi, tiriga yopalidwa molakwa imawomba yokha mfuti ikangogunda penapake, imeneyo ndi ntchito ya munthu woidziwa.

Ndimalize ndi zomwe zimandidetsa nkhawa kuposa bajeti. Ena akuti akufuna mfutiyi chifukwa cha anyani omwe akuwononga chimanga m'minda ya m'mphepete mwa phiri. Vutolo ndi lenileni, ndimalidziwa, koma .22 si ya nyani, mungomuvulaza akafere kutali movutika, komanso nyama zakutchire zili ndi lamulo lake la National Parks and Wildlife Act lomwe zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2017, ndiye nkhani ya anyani kaituleni kwa a zankhalango ndi zanyama. Laisensi ya mfuti si chilolezo chokasaka m'nkhalango yotetezedwa ya Dedza-Salima kapena ya Chongoni. Ndipo kachipolopolo ka .22 komwe mukukaona ngati kachibwana kamatha kuuluka kupitirira kilomita ndi theka, pomwe midzi yathu ndi yothithikana, kuseri kwa chitsamba chilichonse kuli mayi akutola nkhuni kapena mwana akudyetsa mbuzi. Kumbuyo kwa chandamale chanu kuzikhala chulu chachikulu kapena khoma la dothi lomwe mukuliona ndi maso anu, osati thanthwe poti limabweza chipolopolo. Ndikupemphanso apolisi athu kuti aziuza anthu momveka bwino njira yotengera laisensi komanso malo ovomerezeka ophunzirirako kuwomba, kuti anyamatawa asamaphunzire zonse kwa munthu wa pa foni yemwe sanapondeko ku Linthipe.

Mlimi wa mbatata,
Bembeke, Dedza