Kalata ya Abusa: Za Mwala wa Chikumbutso Pakhoma la Tchalitchi

Okondedwa mwa Ambuye,

Ndikulemba mtima uli wowawa. Lamulungu lapitali, eni tchalitchi chimene timabwereka chino atamaliza mapemphero awo a m'mawa, gogo wina wa mpingo wawo anabwerera ndi maluwa kuti awaike pansi pa mwala wa chikumbutso uja wapakhoma, wolembedwa mayina a anthu ofera kunkhondo. Anapeza tauphimba ndi majekete, mipando taiunjika pomwepo, poto wa mpunga ali pansi pake. Sananene kanthu. Anaika maluwawo pawindo n'kutuluka. Ine ndinaona, ndipo manyazi anandigwira.

Mwa mayina a pamwalapo muli la mnyamata wa banja lawo, wa muno mu Cardiff, ku Wales, amene anali msilikali wa gulu la 38th (Welsh) Division pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anasowa mu Julayi 1916 pa nkhondo ya ku Mametz Wood ku France. M'masiku ochepa okha, kuyambira pa 7 mpaka pa 12 Julayi, gululi linataya anthu pafupifupi 4,000, ophedwa ndi ovulala, polimbirana nkhalango imodzi. Anyamata ankatuluka m'maenje n'kudutsa poyera, zipolopolo zikugwa ngati matalala. Mtembo wa mnyamata uja sunapezeke. Dzina lake linalembedwa pa chipilala cha chikumbutso cha ku Thiepval, ku France komweko, pamodzi ndi ena oposa 72,000 amene alibe manda odziwika. Kwa banja lija, mwala uwu ndiwo manda.

"Rakele wolira ana ake, wosafuna kusangalatsidwa, chifukwa palibe iwo."

Tsono ndikufunseni, abale anga. Si ife kodi amene timasonkha mapaundi usiku ndi usana m'bale akamwalira kuno, kuti thupi likagone kumudzi? Si ife amene timati maliro opanda thupi satha? Ndani wa inu angakhazike poto pamtumbira wa agogo ake? Kumudzi ngakhale mwana amadziwa kuti kumanda sasewerako. Tafika kuno, tabwerekedwa nyumba ya Mulungu ndi anthu amene anatilandira bwino, ulemu tausiya pabwalo la ndege. Musanamizire ana. Majekete aja anali a akuluakulu.

Ndipo nkhondo imeneyi si yachilendo kwa ife. Makolo athu anamenya nawo ngati asilikali a King's African Rifles, ena anafera m'njira akusenza katundu wa tengatenga, osaikidwa ndi abale awo. Amene munakhalako ku Zomba mumachidziwa chipilala chija chowakumbukira.

"Lirani nawo akulira."

Lamulungu lachiwiri la Novembala, tsiku lokumbukira ofera kunkhondo, tidzapemphera pamodzi ndi eni tchalitchi. Aliyense adzakhale pampando pofika 10:30. Nthawi ya 11 koloko tidzakhala chete mphindi ziwiri. Wochedwa adzadikire panja, mafoni azimitsidwe. Banja lililonse lipereke mapaundi 5 kwa msungichuma Lamulungu likubwerali, ogulira nkhata ya maluwa ofiira a chikumbutso otchedwa poppy ndi za tiyi. Amayi a chigwirizano akonze mandasi. Achinyamata anayi adzabwere Loweruka kudzasamutsa mipando, ndipo kuyambira lero pakhoma lija pasaikidwe chilichonse.

Ine ndi akulu a mpingo awiri tipita kwa gogo aja Lachinayi kukapepesa.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse.

Ine mbusa wanu