Kalata ija ikadali m'chikwama

Moatize, Okutobala

Achimwene,

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndauona, koma zimene mwafunsazo sizoyankha ndi zala ziwiri, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe bwinobwino. Alamu anu ndi ana ali bwino ku Ulongwe. Ine kuno ndikupsa. Mukumudziwa Tete wa mwezi uno: masana kutentha kumapitirira madigiri 40, sipanala ukaiiwala padzuwa sungaigwirenso. Usiku ndimayala mphasa panja, ndikamadzuka fumbi la malasha lili m'mphuno.

Mwafunsa ngati ndinasiya ntchito monga ndinalumbirira mu Juni. Ayi, sindinasiye. Kalata yake ndinalemba ndithu, m'Chipwitikizi chosalala, mwana wa mlongo wanga ndiye anandikonzera. Ili m'chikwama chonyamulira nkhomaliro, yapindikapindika, ndipo pakona padontha mafuta a kapenta.

Tsiku limene ndinailemba ndi lija shefi (bwana) watsopano, mnyamata woti ndingamubereke, anandikalipira pamaso pa anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha kumasula injini. Mlandu wake? Fyuluta imene sinabwere kusitolo. Zaka 14 ndikugona kunsi kwa magalimoto a kampani imeneyi, lero ndizinyozedwa chifukwa cha fyuluta! Chondiseketsa n'chakuti mu 2022, kampani ya Vale itagulitsa mgodi wa malasha kwa kampani ya Vulcan, ife a makampani ang'onoang'ono a makontilakiti tinkagona maso, ine n'kumapemphera kuti ntchito isathe. Ntchito yomweyo ndi imene ndimafuna kuithawa. Munthu sakhutira.

Nditafika kumudzi ndinawawerengera alamu anu kalatayo monyadira. Iwo amasola nyemba pakhonde, sanadzutse n'komwe mutu. Nditamaliza anati, "Zoti mwatopa ndamva. Nanga feteleza wa Novembala agula ndani?" Ndinakwiya, ndisaname. Amalume nawo atamva anangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, basi n'kutenga khasu lawo.

Tinakangana mpaka tinapangana kuyesa. Miyezi itatu, malipiro anga asakhudzidwe, agone kubanki. Nyumba idye za kudimba zokha, mbatatesi, kabichi ndi nyemba, ngati kuti ndasiya kale ntchito. Julaye anadutsa bwino, mpaka ndinayamba kuyenda modzitukumula. Ogasiti tinakwawa koma tinafika. Seputembala ndiye anativula. Azakhali anamwalira ku Domwe, ndipo mukudziwa kuti wa pantchito ndiye amagula bokosi, ufa ndi mbuzi, kulipiranso chapa (minibasi) cha achibale. Sabata yomweyo pampu yothirira inafa. Mbatatesi nayo aliyense m'dambo anakumba nthawi imodzi, ogula ochokera ku Tete ndi ku Beira n'kumaimika galimoto pamsewu, mtengo n'kumatchula iwo, iwe n'kumangovomera poopa kuti iwola. Ndinapita kubanki mwakachetechete, ngati wakuba ndalama zake zomwe.

Pamenepo m'pamene ndinaona chimene sindinkafuna kuona. Dimba lija limatidyetsa, koma silingatiikire maliro, silingakonze pampu, silingagule mabuku a sukulu. Ine ndinkayesa kuti poti mtima watopa ndiye kuti ndakonzeka. Kutopa ndatopadi, achimwene. Koma kutopako sikunagule ngakhale thumba limodzi la feteleza.

Kenako ndinapita ku ofesi ya INSS, bungwe la boma loona za penshoni ya apantchito, chinthu chimene ndikanayamba nacho ndisanagwire cholembera. Zaka zonsezi amandidula 3 peresenti pa malipiro, kampani n'kuwonjezera 4, ine osafunsapo kuti zikupita kuti. Mwamuna amalandira penshoni akafika zaka 60 ndipo akhale atapereka miyezi 240. Yanga yakwana 168. Yatsala 72, zaka zisanu ndi chimodzi zathunthu. Anandiuza kuti wodzilemba yekha ntchito akhoza kupitiriza kupereka, koma 7 yonseyo imachoka m'thumba mwake, mwezi wa njala ndi wa zokolola chimodzimodzi. China n'chakuti amene wagwira zaka zoposa zitatu ayenera kudziwitsa abwana masiku 30 asanachoke, apo ayi iyeyo ndiye amalipira kampani. Ndipo wochoka mwa kufuna kwake salandira chipukuta misozi cha zaka zimene wagwira. Ine mu Juni muja ndimafuna kuponya kalata patebulo n'kutuluka tsiku lomwelo, chitseko n'kumenyetsa. Ndikanatuluka ndi ovololo yokha.

Musaganize kuti maganizo ochoka ndawataya. Chimene chikundikoka tsopano si shefi uja, iyeyo ndinamuzolowera, ndipo mwina achoka ine ndisanachoke. Ndi mwana wanga wamkulu. Mwezi wathawu nditatsika chapa ndinamva mawu a mwamuna akundilonjera kuseri kwa nkhokwe. Ndinatembenuka kuti ndione mlendo. Anali iyeyo. Mawu anasintha ine kulibe, ndevu zayamba kumera, wanditalika kale. Ndimafika kwathu kamodzi pamwezi, Loweruka masana, Lamlungu madzulo ndanyamuka. Anandilandira chikwama ndi manja awiri, mwaulemu, monga alandirira amalume ochokera kutali. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Ndiye ndaika Meyi. Pofika nthawi imeneyo chimanga chidzakhala m'nkhokwe, chilimba chathu cha pantchito chidzakhala chitandigwera, ndidzagula pampu yatsopano, ndipo kubanki ndikufuna mugone ndalama za miyezi isanu ndi umodzi zosakhudza, maliro agwe asagwe. Zikapanda kukwana, sindichoka, ndipo musadzandiseke.

Ndasinthanso nzeru. Sindidzadalira dimba lokha. Njinga zamoto ku Angónia zachuluka ngati nkhuku, anyamata akunyamula anthu ndi matumba kupita ku Calómuè, kumalire ndi Malawi, usana ndi usiku, koma ozikonza ambiri ndi ongomenya ndi hamala. Ndinayesa ulendo wathawu. Ndinayala saka pansi pa mtengo wa mapichesi uja munkakonda kukhalapo, osaika chikwangwani, osauza munthu kupatula mmodzi. Dzuwa lisanalowe ndinali nditakonza zitatu, ya chinayi ndinaibweza chifukwa cha mdima. Ndalama zake zinali zochepa, koma mnyamata wanga ndiye amandipatsira masipanala, ndipo pofika pa njinga yachitatu amadziwa nambala 10 ndisanaitchule.

Inu munachita bwanji muja munanyamuka ulendo wa ku Joni? Munawerengera zonsezi, kapena munangotseka maso n'kukwera basi? Nthawi imene ija ndinkakuonani ngati wolimba mtima, sindinafunse kuti m'thumba munali zingati. Ndiuzeni zoona, osati za pa Facebook.

Pempho langa ndi ili. Mukapeza mpata mundifunsire mtengo wa bokosi la masipanala a njinga zamoto kumeneko ku Johannesburg, ngakhale logwirapo kale ntchito, bola lachitsulo chenicheni. Za kuno zimapindika pa nati yachiwiri. Mukalipeza mudzapatsire dalaivala wa mabasi opita ku Malawi odzera pa Cuchamano, ndidzakalidikira pa mlatho wa Zambezi. Ndalama ndidzapereka kwa amayi anu, ndinawaona kutchalitchi ali bwino, angodandaula bondo ndi foni yanu yosalira.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine,
Mnzanu wa ku Ulongwe