Buku la mwana wanga landisowetsa tulo

Zikomo Agogo,

Ndikulemba pano 1 koloko usiku, ana agona. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Chilobwe mu Blantyre. Bambo awo anapita ndi matope otsika m'phiri la Soche mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy.

Mlamu wanga ali ku London. Ndinamupempha ndalama ya yunifomu, iye n'kutumiza buku la zithunzi. Buku, Agogo! Kukalitenganso kunali ku Limbe, thiransipoti yanga, ndipo amene anabwera nalo anandidikiritsa pageti mpaka dzuwa kupendeka. Bukulo likunena za José Andrés, wophika wa ku Spain wokhala ku America, amene anayambitsa gulu lophikira anthu ogwa m'mavuto lotchedwa World Central Kitchen chivomezi chitagwetsa nyumba ku Haiti mu 2010. Mu 2017 anakaphikira anthu ku Puerto Rico mphepo ya Maria itawononga. Mlamuyo pa WhatsApp anachita kuwonjezera kuti gulu lakelo linafikanso ku Beira nthawi ya Idai mu 2019, ngati kuti ine ndinafunsa.

Mwana wanga wamkazi analikonda kwambiri, amagona nalo. Lachiwiri ndikupakula nsima anandifunsa kuti, "Amayi, bambo awa amapatsa aliyense wanjala, nanga inu bwanji munawabisira ufa amayi aja kukampu?"

Ndinamumenya khofi. Sindinamumenyepo chotero chibadwire.

Zoona zake, tili pasukulu pomwe tinathawira, ndinali ndi ufa woposa gawo langa. Mmene ndinaupezera musandifunse. Mayi wina woyandikana nafe anabwera ndi kabeseni, mwana ali kumsana, ine ndinati watha, chonsecho ndaukhalira. Ndimayesa mwanayu sanaone, anali wamng'ono. Koma Agogo, mwamuna wanga anali asanapezeke, wamng'onoyu akuyamwa. Bambo wa m'bukuyo ali ndi mapoto akuluakulu ndi anthu omupatsa ndalama, ine ndinali ndi chitenje chimodzi. Mlamu amene akutumiza mabukuyu sabata imeneyo foni sankayankha n'komwe.

Mayi aja timapemphera limodzi. Amandipatsa moni bwinobwino, ndipo zimenezo ndiye zimandipweteka kwambiri. Mwana wawo uja anadwaladwala chaka chonsecho.

Bukulo ndalibisa m'sutikesi. Mwanayu sakulifunsa, koma sakundiyang'ananso kumaso, akangodya amadzuka. Kodi ndimubwezere? Ndimuuze zonse, mwana wa sitandade 4, kapena ndingoti anaona molakwika? Nanga mayi aja ndikawapepese patapita nthawi yonseyi, mwina iwo sadziwa n'komwe? Ndipo mlamuyu ndimuuze zimene buku lake landichita, kapena ndingokhala chete poti fizi ya chaka chamawa ndikudalira iye yemweyo?

Ine mayi wosowa mtendere,
Chilobwe, Blantyre