Masacheti analetsedwa koma mowa wake ukadali pamsika

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa nkhani ya mowa waukaliwu. Boma litaletsa masacheti mu 2015 tinaomba m'manja, koma kunena zoona chomwe chinachoka ndi kapulasitiki kaja basi. Mowa womwe uja ukubwera m'zigubu ndiye ogulitsa akumangopima m'timabotolo malingana ndi ndalama yomwe munthu wabwera nayo, olo akhale mwana wa yunifolomu samufunsa zaka, chonsecho lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa osakwana zaka 18.

Achimwene anga anali a kabaza. Ankadzuka 5 koloko, asanalawe kalikonse ankadutsa kaye pa shabini ati kukachotsa matsire, masana kuonjezera, madzulo ndiye osanena, nsima kumangoinyomola pang'ono n'kusamba m'manja. Chaka chatha anayamba kutupa mapazi, kenako mimba, maso n'kuchita chikasu. Kumudzi anati awalodza ndiye tinataya mbuzi ziwiri kwa asing'anga, nthawi ikupita. Pomwe timafika kuchipatala adokotala anangowagwira pamimba n'kufunsa kuti bambowa amamwa bwanji. Chiwindi chinali chitauma kale ndipo anatiuza poyera kuti chikafika pamenepo sichibwereranso mwakale. Panopa amapita kukapopedwa madzi m'mimba, njinga tinagulitsa, ana awo awiri ndikusunga ndine.

Tisaiwalenso abale athu omwe anamwalira ku Blantyre mu 2024 atamwa mowa uja wa Ambuye Ntengeni. Mowa wosadziwika kochokera ngati umenewu umatha kukhala ndi poizoni wotchedwa methanol, yemwe amachititsa khungu ngakhale kupha kumene. Dzina la mowawo lokhalo likukuuza koma anthu amamwabe poti ndi wotchipa.

Ine sindikuti aliyense asiye mowa ayi. Agogo athu ankamwa masese ataweruka kumunda, atakhuta, ndipo m'mawa khasu linali paphewa. Amene mumamwa idyani kaye, musamamwe daily, ndipo mukalawa musanyamule mwana wa eni panjinga. Mukaona mbale wanu watupa mapazi kapena maso asintha thamangirani kuchipatala, ife tinachedwa.

A khonsolo, a bungwe loona za ubwino wa katundu la MBS ndi mafumu chonde yendani m'misikamu m'mawa, osati kudikira maliro. Dzulo lomweli cha m'ma 7 ndaona kamnyamata kachikwama cha sukulu kumsana kakupimitsa mowa pa shabini yomwe ija achimwene ankamwera, ndipo wogulitsa anakapatsa chenje bwinobwino.

Mlongo wokhudzidwa,
Ndirande, Blantyre