Parishi ikatsekedwa, masiku 10 oyamba ndiwo ofunika kwambiri

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa mikangano yomwe imabuka pakati pa akhristu ndi maepiskopi parishi ikatsekedwa, makamaka ku America komwe nkhaniyi yavuta zaka zambiri. Malamulo a Mpingo wa Katolika ndi amodzi kulikonse, choncho ngakhale abale athu amene akupemphera m'maparishi akunja ayenera kuwadziwa.

Mu 2004, Ambuye Seán O'Malley a ku Boston adalengeza kuti atseka maparishi 65 mwa 357. Akhristu a St. Frances Xavier Cabrini ku Scituate adakana kutuluka m'tchalitchi mwawo. Kuyambira Okutobala chaka chomwecho ankasinthana kulondera usana ndi usiku, ena kugona momwemo, ndipo Lamulungu ankachita mapemphero opanda wansembe, kulandira Ukaristia umene ansembe ena owamvera chisoni adadalitsiratu. Adapirira zaka zoposa 11. Koma Vatican idakana apilo yawo, khoti la boma lidagamula kuti nyumbayo ndi ya arkidayosizi, ndipo khoti lalikulu la dzikolo litakana kumva mlandu wawo mu Meyi 2016, adatuluka.

Ku Cleveland zidayenda mosiyana. Ambuye Richard Lennon adatseka matchalitchi pafupifupi 50 mu 2009 ndi 2010. Ena mwa akhristu adachita apilo ku Roma, ndipo mu Marichi 2012 nthambi ya Vatican yoona za ansembe idapeza kuti episkopiyo sadatsate ndondomeko. Matchalitchi 12 adatsegulidwanso.

Chimene ambiri sachidziwa nchakuti kuthetsa parishi ndi kutseka nyumba ya tchalitchi ndi zigamulo ziwiri. Kanoni 515, ndime ya m'buku la malamulo a Mpingo, imapatsa episkopi mphamvu yokhazikitsa, kuphatikiza kapena kuthetsa parishi, bola ayambe wamva maganizo a khonsolo ya ansembe. Pamenepa chifukwa chomveka chimakwana, nchifukwa chake apilo yotsutsa kuphatikiza maparishi sikawirikawiri kupambana. Koma kuti tchalitchi chileke kukhala nyumba yopemphereramo, kanoni 1222 imafuna chifukwa chachikulu, khonsolo ya ansembe ifunsidwenso pa nkhani ya nyumbayo payokha, ndipo moyo wauzimu wa akhristu usaonongeke. Maepiskopi ambiri amapunthwa pomwepa, pomangira zinthu ziwirizi pa mtolo umodzi. Malangizo a Vatican a 2020 adanenetsanso kuti kuchepa kwa ansembe kapena mavuto a chuma cha dayosizi yonse si zifukwa zokwanira zothetsera parishi. Chifukwacho chikhale chokhudza parishi yomweyo.

Vuto la akhristu ndi kuchedwa. Chikalata cha chigamulo chikalengezedwa, pali masiku 10 okha olembera episkopi kumupempha kuti asinthe maganizo. Iye ali ndi masiku 30 oti ayankhe. Akakana, kapena akangokhala chete mpaka masikuwo atatha, pali masiku 15 otumizira apilo ku Roma, ndipo ikhoza kudzera kwa episkopi yemweyo, amene ayenera kuitumiza msanga. Kukalephereka kumeneko, kwatsala khoti lalikulu la Mpingo, Apostolic Signatura, komwe pamafunika loya wovomerezeka ndi ndalama ndithu. Nthawi zambiri anthu amathera masiku 10 aja m'misonkhano, kulemba zikwangwani ndi kuitana atolankhani, pofika polemba kalata madzi apita kale pansi pa mlatho wa lamulo.

Kalatayo isakhale ya madandaulo okha. Mukhale kope la chikalata, tsiku limene chidalengezedwa, dzina ndi siginecha ya mkhristu wa parishiyo, chiwerengero cha obwera ku Misa, maubatizo ndi maukwati a zaka zingapo, malipoti a chuma, ndi lipoti la katswiri wa zomangamanga ngati akuti nyumbayo yaonongeka. Zikalata zikakhala ziwiri, apilo zikhalenso ziwiri.

Pa za chuma, parishi ikaphatikizidwa ndi ina, katundu ndi ngongole zake zimapita ku parishi yolandira akhristuwo, osati ku thumba la dayosizi. Vatican idakumbutsa maepiskopi a ku America zimenezi mu 2006, zitachitika za ku Boston. Akhristu ali ndi chifukwa chofunsa kumene ndalama za malo ogulitsidwa zapita, ndipo episkopi wobisa mabuku amadziputira yekha mkangano. Mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro nawonso afunsidwe kumene akasungidwe, chifukwa mwana wobatizidwira m'parishi yotsekedwa adzafuna chiphaso chake tsiku lomanga ukwati.

Mkhristu wa Katolika,
Lilongwe