Kutseka msewu wa ku Milford Sound si nkhanza

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankheko anthu amene amadandaula kuti oyang'anira misewu ku New Zealand amawaonongera tchuthi akatseka msewu wopita ku Milford Sound, malo okopa alendo kumene nyanja inalowa pakati pa mapiri ndipo anthu amakakwera boti kuona malowo. Ine, amuna anga ndi ana athu atatu tinakhala masiku atatu m'tauni ya Te Anau mwezi wa Ogasiti, tili m'galimoto yogonamo imene tinachita hayala, kudikira kuti msewu wa State Highway 94 autsegule. Zimene ndinene pano ndinaziona ndekha.

Kudikirako kunali kowawa, sindikana. Anthu asanu m'kanyumba ka matayala, kunja kukuzizira koopsa, simuchedwa kutopetsana. M'mawa uliwonse mawindo ankachucha madzi chifukwa cha mpweya wathu womwe, ndipo masokosi a ana amene ndinayanika pampando wa dalaivala sanaume mpaka tsiku lonyamuka. Tsiku lachiwiri thanki ya chimbudzi inadzadza, bambo awo n'kuyamba kuzungulira kufuna malo ovomerezeka otayirako zoipa. Wamng'ono ankangofunsa kuti, "Amayi, mapiri aja tipita liti?" Ndinalibe yankho.

Bambo wina amene anaimika galimoto pafupi ndi yathu ankalalata tsiku lonse kuti analipira kale boti, ndipo kumwamba kulibe ndi mtambo womwe. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Choopsa cha msewu umenewu sichioneka uli ku Te Anau. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 120, ndipo chakumapeto umadutsa m'zigwa zopanikizika ndi mapiri otsetsereka kwambiri. Chipale chofewa chimaunjikana pamwamba penipeni, kosaoneka uli pansi, ndipo kukafunda pang'ono kapena kukagwa mvula chimagumuka chonse nthawi imodzi. Mphepo yokha imene chimabwera nayo imagwetsa mitengo.

Anthu anafapo kumeneko. Msewu woboola phiri wa Homer Tunnel, wotalika makilomita 1.2, anayamba kuukumba mu 1935, ndipo mu 1936 ndi 1937 chipale chogumuka chinapha ena mwa ogwira ntchitoyo. Mu 1983 chinaphanso woyang'anira ntchito yokonza msewuwu, ndipo kuchokera pamenepo anakhazikitsa ndondomeko yolondalonda mapiriwo. Masiku ano amakwera helikopita n'kukaponya mabomba kuti chipalecho chigwe msewu uli wotseka, kenako mathirakitala n'kudzakankha. Ndiye pamene ife tinkanyinyirika ndi masokosi onyowa, anthu ena anali pa ntchito yoti ana anga adutse amoyo. Ndikanakonda bambo uja akanamva zimenezi.

Pempho langa likupita kwa makolo anzanga amene akukonza ulendo ngati uwu pakati pa Juni ndi Novembala. Musapanikize masiku. Ife chinatipulumutsa n'chakuti tinasiya masiku awiri opanda pulogalamu, ndipo boti tinasungitsa malo kumene amalola kusintha tsiku. Dzadzani mafuta, gasi ndi madzi musanachoke ku Te Anau, chifukwa kutsogoloko simungadalire kupeza pogula. Matcheni omanga pamatayala kuti galimoto isaterereke pa chipale mukhale nawo, ndipo muyesere kuwamanga masana pamalo ouma, osati koyamba m'mbali mwa msewu zala zitauma ndi chisanu. Amuna anga anayesera katatu ana akuwawerengera nthawi, ndipo masewera amenewo anatithera theka la tsiku mwamtendere.

Tsiku lachinayi anatsegula. Titayandikira Homer Tunnel, pamalo pamene zikwangwani zimaletsa kuima, tinadutsa pakati pa milu ya chipale chosakanikirana ndi miyala ndi nthambi zothyoka, yotalika kuposa denga la galimoto yathu. M'galimoto monse munali zii. Mwana wamkulu ndiye anayamba kulankhula, kufunsa ngati zonsezo zinali pamsewu dzulo lake. Bambo ake anangogwedeza mutu, manja onse awiri ali pachiwongolero.

Mayi wa ana atatu